Hilux ya malemu bambo: ndiikemo V8 ya Lexus kapena ndiisiye momwe ilili?

Spana14
Abale, ndithandizeni maganizo. Bambo atamwalira anatisiyira Hilux yakale, ija ya injini ya 4Y, ya petulo, yokoka ndi mawilo akumbuyo okha. Yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Chilobwe zaka zinayi tsopano, moti nkhuku zimaikira mazira pansi pa mpando. Injini inanoka bambo akadali moyo. Chasisi ndachigogoda ndi hamala paliponse, n'cholimba. Dzimbiri lili m'munsi mwa zitseko ndi poponda dalaivala basi.

Tsono mlamu wanga ali ku Joni akuti wapeza injini ya Lexus, V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) ija amati 1UZ, ndi giyabokosi yake ya otomatiki, mawaya ndi kompyuta. Ine sindikufuna galimoto yonyamulira makala ayi. Ndikufuna chinthu choti Loweruka ndikachiliza, Chilobwe yonse idziwe kuti mwana wa m'nyumba muja wadzuka. Alipo amene anachitapo zimenezi? Ndiyambire pati?

Gogo4Y
Muyambire pomanga 4Y yomweyo, mwana wanga. Injini imeneyo yayendetsa maminibasi dziko lino mpaka ena anamanga nazo nyumba. Masipeya ake muwapeza ku Ndirande, ku Limbe, ngakhale ku Balaka. Mukufuna kuivula mtima galimoto ya bambo anu chifukwa cha phokoso?

WaMatola
V8 ku Malawi kuno? Mzere wa pa filing'i mwauiwala? Walira mvula walira matope, achimwene.

Spana14
A WaMatola, si yopitira kuntchito. Kuntchito ndili ndi njinga yamoto. Iyi ndi ya Loweruka ndi Lamulungu.

WakuGermiston
Ndimagwira ntchito pa galaja ina kuno ku South Africa, ndipo Hilux zoika Lexus ndathandizira kumanga zingapo. Kuno si chachilendo, azungu a m'mafamu ndi anyamata a m'malokeshoni onse amachita. Ndikuuzeni zomwe mlamu wanu sanakuuzeni.

1UZ ndi injini ya malita 4, inayamba kutuluka mu 1989 mu Lexus LS400. Buloko yake ndi ya aluminiyamu, ndiye siyolemera monga mungaganizire mukaiona kukula. Zoyambirira zija zimatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 250, pomwe 4Y yanu, ya malita 2.2, sifika ndi pa 100 pomwe. Ndiye ganizirani: chilichonse chimene chili kumbuyo kwa injini chinapangidwira mphamvu yosafika theka la imene mukubweretsayo.

Musanatumize ndalama, mlamu akujambulireni sampu. Ya mu LS400 mphika wake wa oyilo uli kutsogolo, ya mu Toyota Soarer uli kumbuyo. Mukagula osayeza mudzapeza sampu yakhala pa chitsulo chopingasa chija kapena ikugunda zowongolera, ndiye muyambe kudula ndi kuwotcherera aluminiyamu, yomwe si aliyense wowotcherera mageti amaitha. Chachiwiri, afunse ngati ili ya VVT-i. Za VVT-izi ndi zatsopanopo, zili ndi mphamvu zochulukirapo koma kompyuta yake imafuna kiyi wake weniweni, popanda kiyiyo siilira. Kwa inu yakale ija ndiyo yabwino. Chachitatu, sitata ya injini imeneyi inabisala pakati pa V, pansi pa manifodi. Isintheni injini ikadali pansi, chifukwa ikadzafa ili m'galimoto mudzaphwasula pamwamba ponse kuti muifikire. Lamba wa taiming'i ndi pampu ya madzi chimodzimodzi, musamakhulupirire zoti "inayenda pang'ono ku Japan". Zonse amatero.

Ndiye pali mafuta. 4Y ya kabuleta imakhutira ndi kapampu kake kaja. Iyi ndi ya ma injekita, imafuna pampu yamagetsi yokankha mwamphamvu, paipi yobwezera mafuta m'thanki, ndi fyuluta yoyenera. Propushafti idulidwe ndi kubalansidwa. Ladiyeta yaikulu, mafani amagetsi. Injiniyo ndi gawo lochepa la ndalama, zotsalazi ndi zimene zimatha anthu.

Spana14
Eee, achimwene, apa mwandiphunzitsa. Za sampu sindinaziganizire n'komwe. Ndamuuza ajambule mawa.

NamaBiwi
Onse mukukamba zothamanga, palibe akukamba zoima.

KachalaKamodzi
A NamaBiwi anena zoona, ndipo ine ndinene zimene zinandionekera, mwina wina apulumuka. Yanga sinali Hilux, inali pikapu ina yakale imene tinaikamo V6 ya Ford, Essex ya malita 3 ija imene inkapangidwa ku South Africa. Tinatha miyezi isanu ndi itatu tikuimanga, mabuleki osawakhudza, ati tidzaona pambuyo. Tsiku loyesa tinanyamuka atatu kupita ku Chikwawa kukadya nsomba. Pokwera paliponse inkangoseka. Koma titayamba kutsetsereka ku Thabwa, m'makona muja, ndinkangoponda buleki pafupipafupi mmalo motsitsa giya. Tisanafike pansi fungo la zopsa linadzaza m'kabini, ndipo pedulo inayamba kufewa ngati ndikuponda mkate. Ndinapopa katatu, chachinayi inangofika pansi. Mnzanga wa pakati anayamba kutchula mayina a ana ake mmodzimmodzi. Ndinakankhira mu giya yachiwiri injini ikukuwa, n'kukoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka tinakaima mu udzu m'mbali mwa msewu. Titatsika, mawilo akutsogolo ankafuka utsi. Mafuta a mabuleki anali akale, akuda ngati tiyi wopanda mkaka, anawira.

Nsomba sitinadye. Tinabwerera pa lole ya nzimbe.

Ndiye a Spana14, yambani ndi mabuleki injini isanafike. Mapaipi onse atsopano, mafuta atsopano, madisiki ndi mapadi abwino kutsogolo, madiramu akumbuyo aphwasulidwe. Ndipo poti mukuika otomatiki, dziwani kuti siigwira galimoto potsetsereka ngati ya manja pokhapokha muitsitse nokha.

WaMatola
Kkkkk kutchula mayina a ana. Ndiye anali ndi angati?

KachalaKamodzi
Asanu ndi mmodzi. Anafika pa wachinayi pamene tinaima.

MayiAMapasa
Ine ndilowererepo ngati mkazi wa munthu wodwala matenda omwewa. Amuna anga anabweretsa chigoba cha Datsun pakhomo pano mapasa ali kumsana, ati miyezi itatu chikhala chikuyenda. Mapasa pano ali sitandade 5. Mapisitoni ali m'kabati ya mbale, mabeseni anga awiri anasanduka otsukira zitsulo ndi palafini. Sindikuti musamange, a Spana14, chifukwa ndimaona momwe bambo a kuno amasangalalira, ndipo bola ali pansi pa galimoto kusiyana ndi ali ku bala. Koma akazi anu muwauze mtengo weniweni, osati theka. Ifenso timadziwa kufunsa mitengo.

Spana14
Mayi, sindinakwatire.

MayiAMapasa
Ndiye mangani msanga.

UjeniWaLeeds
Kwa a Gogo4Y amene akuti uku n'kuononga galimoto: zimene akufuna a Spana14 ndi momwe masewera onsewa anayambira. Ku California, m'zaka za m'ma 1930, anyamata opanda ndalama ankagula Ford zakale zotchipa, Model T ndi Model A, n'kuchotsa zonse zolemetsa, mamadigadi, denga, mabampala. Ford atatulutsa V8 yotchipa mu 1932, ija amati flathead, anayamba kuizula m'magalimoto ogundidwa n'kuiika m'tizigoba topepukato. Ndi zimene anazitcha hot rod. Ankakathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc ndi El Mirage, kenako pa chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah. Nkhondo yachiwiri itatha anyamata anabwerako kunkhondo atadziwa kuwotcherera ndi kukonza injini, ndiye zinafalikira zedi. Chevrolet atabweretsa V8 yawo yaing'ono mu 1955 anthu anaithamangira, mpaka lero umapeza Ford yakale ili ndi mtima wa Chevrolet. Sanali anthu olemera. Anali ngati anyamata a ku Biwi kapena ku Ndirande, otola zitsulo pa sikirapu.

Gogo4Y
Mwalemba bwino, koma anyamata a ku California aja sankaphwasula galimoto ya malemu bambo awo. Ankagula zigoba za anthu osawadziwa. Ine ndayendetsa 4Y zaka zambiri, ndimaidziwa kulira kwake ngati mawu a mkazi wanga. Mwanayu tsiku lina adzafuna kumva momwe inkalirira bambo ake akamalowa pa geti madzulo, ndipo sadzaimvanso.

NamaBiwi
Apa madala mwandigwira pamtima. Komabe galimoto yokhala pa njerwa siilira chilichonse.

Spana14
Madala, mawu anu ndawamva, ndipo andisowetsa tulo. Ndinakafunsa mayi. Anati injini alibe nayo ntchito, sanaionepo n'komwe. Chimene akufuna ndi choti mtundu ukhale womwewo, wobiriwira uja, ndipo mpando wautali wa kutsogolo usachotsedwe, chifukwa ndi umene anakhalapo pochokera kuchipatala atandibereka. Ndiye mipando ya mpikisano ija ndinkaifuna yagwa m'madzi.

WakuGermiston
Zimenezo ndiye zabwino kuposa. Kunja iwoneke ngati ya agogo, mkati muli chilombo. Kuno zoterezi ndi zimene zimachititsa manyazi anyamata a ma Golf pa maloboti.

Tchuthi_Palibe
Pa maloboti pati? Apa ndiye pamene ndimadana nanu anthu a magalimotonu. Ine ndimagwira ntchito usiku kuchipatala, ndipo amene mumawagunda ndimawalandira ndine. Wa kabaza, mayi wogulitsa nthochi, mwana wochokera ku sukulu. Misewu yathu ilibe m'mbali moyendamo anthu, usiku mulibe magetsi, mbuzi zimadumpha paliponse. Mukufuna akavalo 250 m'galimoto yopepuka kumbuyo ngati lichero kuti mukathamange kuti? Pa Zalewa?

WaMatola
Asisi ayankhula.

UjeniWaLeeds
Asisi, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo ku America komweko nkhani inali yomweyi. Manyuzipepala ankawatenga anyamata a hot rod ngati zigawenga chifukwa chothamangitsana m'misewu ya m'tauni. N'chifukwa chake mu 1951 Wally Parks anayambitsa bungwe la NHRA, kuti mpikisano uchoke pamsewu upite pamalo otsekedwa, pomwe galimoto imayamba yayenderedwa, woyendetsa avale chipewa, ambulansi ili pafupi. Mtunda wake ndi waufupi, mamita 402, awiriawiri, wofika msanga wapambana. Vuto lathu ndi loti malo oterowo kwathu ndi osowa.

WakuGermiston
Ndivomereze kuti za maloboti ndinalankhula mosaganiza, pepani asisi. Kuno malo alipo. Ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, kuli msewu wa mpikisano woterewu, ndinapitako ndi abwana anga. Ndinaona ka Nissan 1400, kabaki kaja kanapangidwa kuno mpaka 2008, katamangidwa mwakuti ponyamuka mawilo akutsogolo ankanyamuka m'mwamba. Koma kanali ndi khola la mapaipi mkati, malamba a paphewa, chozimitsira moto. Mwini wake amakabweretsa pa ngolo, sakayendetsa pamsewu.

Tchuthi_Palibe
Ndiye a Spana14 anene pano pagulu kuti akathamangira kuti.

Spana14
Asisi, kunena zoona ine za mpikisano sindinazifikire. Chimene chimandikoka ndi kumanga ndi kulira kwake. V8 ikamalira payokha osaponda moto, phokoso lija lonjenjemeretsa pachifuwa, ndi limene ndikufuna. Ndikadzafuna kuiyesa liwiro ndidzafuna malo otsekedwa, tipemphe chilolezo monga gulu. Pamsewu wa anthu ayi, ndalonjeza pano.

Tchuthi_Palibe
Ndasunga uthengawu.

Dakar_Fan
Poti mwatchula Hilux ya V8, mukudziwa kuti imene inapambana mpikisano wa magalimoto wa Dakar mu 2019 ku Peru, yoyendetsa Nasser Al-Attiyah, inamangidwa ku South Africa ndipo inali ndi V8 ya malita 5 yochokera kwa Lexus? Ndiye a Spana14 ali pa mzere wabwino.

NamaBiwi
Ija ndi Hilux dzina lokha ndi magetsi akutsogolo. Mkati ndi mapaipi okhaokha. Musamunamize mwana.

Dakar_Fan
Koma baji ndi yomweyo kkkk.

MlembiWakale
Tibwerere ku nkhani, chifukwa pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri ntchito itatha kale: mapepala. Nambala ya injini imene ili m'buku la galimoto ndi ya 4Y. Mukaika ina, muyenera kukasintha ku Road Traffic, apo ayi pokapanga COF kapena pa rodibuloko mudzavutika kufotokoza. Kuti akusinthireni adzafuna umboni wa komwe injini yachokera, ndiye lisiti yogulira ikhale ndi nambala ya injiniyo, ndipo mapepala a MRA a pa boda, kaya ndi pa Mwanza kaya pa Dedza, muwasunge ngati satifiketi ya sukulu. Musalole zoti injini ilowe yobisidwa pansi pa katundu wa anthu kuti mupewe msonkho, mudzalira pambuyo. Mlamu wanu aonetsetsenso kuti kumeneko yatuluka mwa chilungamo, poti injini zakuba ziliko.

China, galimotoyo ikadali m'dzina la malemu. Yambani mwakonza zimenezo ndi abale anu onse, mogwirizana, zolembedwa. Lero ndi chigoba cha nkhuku, palibe akuchifuna. Tsiku limene idzalire ndi kupakidwa penti, mudzaona amalume amene simunawaonepo chiikireni maliro. A inshuwalansi nawonso muwauze kuti injini inasinthidwa.

Spana14
Za amalumezo mwalasa penipeni, bwana. Alipo amodzi.

MayiAMapasa
Amakhalapo nthawi zonse.

Wowotcherera_Kawale
Ine ndinene za ntchito yanga. Zomangira injini musapatse munthu wa mageti ndi mawindo, ngakhale akhale mnzanu. Anandibweretserapo pikapu ina imene wina anaiwotcherera zomangira ndi chitsulo cha bedi, kuwotcherera kwake ngati zitosi za nkhuku. Mwini wake atangoponda moto mwamphamvu, injini inapendekeka, fani n'kudya ladiyeta. V8 ikamakoka imafuna kudzipotokola, mbali imodzi imakanikiza pansi, inayo imanyamuka. Pamafunika chitsulo chochindikala, ndipo pa chasisi pomwe mukuwotchererapo muyambe mwaikapo chigamba chachitsulo kuti mphamvu imwazike. Injini muiike m'malo mwake ili pa tcheni, giyabokosi yomangirira kale, muyeze kuti boneti itsekeka, ekizozi ipeza njira mbali ya chiwongolero, fyuluta ya oyilo mutha kuimasula. Mukakhutira mudonthezere kaye, muitulutse, kenako muwotcherere zenizeni. Ine injini imodzi ndimailowetsa ndi kuitulutsa kasanu kapena kuposa. Amene amakuuzani kuti sabata imodzi yatha, muthaweni.

Gogo4Y
Nanga difu? Palibe wanena za difu.

WakuGermiston
Madala afunsa funso la munthu wodziwa. Difu ya Hilux, magiya aja ali pakati pa mawilo akumbuyo, ndi yolimba, ndi otomatiki imapirira ngati simukuchita zopalasa matayala tsiku lililonse. Chovuta ndi magiya ake. Inapangidwira injini yaing'ono yonyamula katundu, ndiye V8 izizungulira kwambiri pa liwiro wamba, mafuta n'kumapita. Yendani nayo kaye, mukaona kuti ikukuwa pa msewu wautali mudzafune difu ya magiya aatali. Koma chenjezo: kumbuyo kulibe kulemera. Mvula ikagwa, mukaponda moto pa kona, matako adzakupitirirani. Matayala abwino, mashoko atsopano, ndipo phazi likhale ndi ulemu.

Gogo4Y
Mwaona tsono, mwayamba kale kuvomereza kuti 4Y inali yokwanira pa galimoto imeneyi. Koma chabwino. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Pempho langa ndi limodzi, mwana wanga: 4Y ija musaigulitse kwa a sikirapu. Muithire oyilo m'masilinda, muikute, muiike pa thabwa m'nyumba. Ndipo pa chasisi musadule chimene simungadzabwezeretse.

WaMatola
Kapena andigulitse ine, minibasi yanga ikusuta ngati uvuni wa njerwa.

Gogo4Y
Inu ndiye ayi.

Spana14
Ndabwera ndi nkhani. Mlamu watumiza zithunzi. Sampu mphika wake uli kutsogolo, ndipo si ya VVT-i. Koma mawaya anachita kudula ndi chikwanje pochotsa m'galimoto, mapulagi awiri a ku kompyuta palibe. Akuti wogulitsa akuti "ndi zazing'ono". A WakuGermiston, ndi zazing'onodi?

Komanso dzulo ndinatsegula 4Y ija ndi mng'ono wanga, kungofuna kuona. Beyaring'i imodzi inatheratu, kirankishafti yakandika, koma masilinda ndi osalala. Pansi pa mpando, kuseri kwa mazira, tinapeza kabuku ka bambo kolembamo tsiku lililonse limene anasintha oyilo ndi makilomita ake, ndi dzanja lawo lopendekeka lija. Tinakhala pansi osayankhulana kanthawi.

WakuGermiston
Si zazing'ono. Waya wodulidwa ndi umene umagoneka magalimoto ambiri chaka chathunthu, injini ili m'malo koma osalira. Njira ndi ziwiri. Apeze mawaya athunthu a chaka chomwecho ndi mapulagi ake, kapena mugule kompyuta yapadera, kuno zilipo zopangidwa konkuno monga Spitronics ndi Dicktator, zimene anthu ambiri amaika pa Lexus. Koma ikafika kumudzi idzafuna munthu wa laputopu woti aitchune, ndipo giyabokosi ya otomatiki ija nayonso imalamulidwa ndi magetsi, ndiye mufunse ngati zonse ziwiri zasamalidwa. Kwa munthu ali ku Blantyre ine ndingasankhe mawaya ndi kompyuta ya Lexus yomweyo. Mtengo atsitse, kapena mlamu ayang'ane ina. Asathamange, injini zimenezi kuno sizikutha mawa.

NamaBiwi
Kabukuko mupitirize kulembamo inuyo.

Gogo4Y
Kirankishafti yokandika amaipala, n'kuika mabeyaring'i okulirapo. Ndangonena chabe.

KachalaKamodzi
Madala sakugonja kkkk. A Spana14, mabuleki mwayamba?

Spana14
Ndayamba. Madiramu akumbuyo anagwirana ndi dzimbiri, limodzi latuluka ndi hamala, linalo ndalithira palafini ligone. Mlamu ndamuuza asalipire kaye mpaka apeze ya mawaya athunthu. Kirankishafti ndiitengera kopala Lachisanu kuti ndingomva mtengo, musasangalale msanga madala.

Vuto latsopano ndi loti nkhuku imodzi yayamba kufungatira pa mpando womwe uja, ndipo mayi akuti galimoto isasunthe mpaka iswe.

MayiAMapasa
Masiku 21 amenewo. Kwathu zinayamba choncho.